Mpata wa M'mano mwa Amayi Aang'ono

Kanali kalikhweru kakang'ono, kothawira pakati pa mano awiri akutsogolo. Amayi aang'ono sankachita kukaimba dala. Kankangotuluka kokha akamanena mawu monga sopo, sabata kapena sukulu. M'mawa akamatsuka mkamwa kuseri kwa khitchini, madzi ankawaponyera pampata womwewo, tsiii, mpaka patsinde la mpapaya, ndipo nkhuku zinkathamangira pamenepo poyesa pagwa chakudya. Ndikamakumbuka kwathu kufupi ndi Manyamula, kaphokoso kameneko ndi kamene kamayamba kufika. Anthu amabwera pambuyo.

Mayi anga ondibereka anamwalira ndili ndi zaka ziwiri, bambo atatsogola kale. Anandilera ndi agogo, obereka mayi anga, m'nyumba momwe munkakhalanso mwana wawo wotsiriza, amene ndinkawatcha amayi aang'ono. Chithunzi cha mayi chinalipo chimodzi chokha, ndipo chiswe chinachidya pamodzi ndi katoni ya makadi a kuchipatala ine ndisanayambe sukulu. Anthu sanaonepo vuto. Aliyense ankandiuza kuti ndikafuna kuona mayi anga, ndingoyang'ana mng'ono wawo: mpata wa m'mano ndi womwewo, kanjerewere kakuda pambali pa mphuno ndi komweko, ngakhale kalikhweru. Ine ndinali mwana womvera. Anati ndiyang'ane, ndinayang'ana zaka khumi ndi zinayi.

Ndinkawayang'ana akusinja, akusenda mbatata, ngakhale atagona pamphasa masana kukamwa kuli yasa. Ndinkangokhala pakhonde mawondo ali pachibwano, maso ali pa iwo. Ankati ndili ndi maso a kadzidzi, ndipo zikawafika pakhosi ankandigenda ndi chitsononkho n'kufunsa kuti anandidyera chiyani. Ndinkasuntha pang'ono n'kupitiriza ntchito yanga.

Sindinali ndekha pa ntchito imeneyi. Pamaliro alionse m'mudzi, amayi achikulire akangowaona ankayambiranso kulira, kuwagwira m'masaya, kutchula dzina la mayi anga, ngakhale womwalira tsiku limenelo anali mdala wa mudzi wina. Agogo nawo akatopa ankawaitana ndi dzina la malemu, osakonza n'komwe. Ine ndinkayesa umenewo ndi ulemu waukulu. Amayi aang'ono anakwatiwa ndi bambo wina wogula fodya wa ku Jenda, ndipo ukwatiwo unatha patapita zaka zitatu, mwamunayo atanena pamowa kuti iye ankafuna wamkulu koma anachedwa. Anabwerera ndi sutikesi ndi mapoto awiri, n'kukhala nafe chaka chimodzi, kenako anatsata njira imene Mzimba yense amatsata akatopa ndi kwawo. Anapita ku Joni.

Anakhalako zaka zisanu ndi zitatu. Poyamba ankagwira ntchito ya m'nyumba, kenako tinamva kuti atsegula kasaluni. Ankatumiza katundu pa Khirisimasi, koma zithunzi sankatumiza, ndipo pafoni ankangoyankhula ndi agogo mwachidule.

Ine nditamaliza sekondale ndinapeza ntchito pa boma, mu kashopu kojambula zithunzi pafupi ndi depoti. Mwini wake anali Msilamu wina wokhala ndi golosale ndi shopu ya nsalu, ndipo anandisiyira kamera, kompyuta ndi makina osindikizira kuti ndizionera ndekha. Mmenemo ndi mmene ndinaphunzira kuti mu Mzimba monse mulibe munthu amene amagwirizana ndi nkhope yake. Mtsikana amene chibwenzi chake chili ku Joni ankapempha motsitsa mawu kuti ndimuwalitseko pang'ono. Ndikamuwalitsa pang'ono ankati ndionjezere, mpaka ankatuluka atanyamula chithunzi cha munthu amene mayi ake omwe angamupatse moni wa mlendo. Azibambo ankafuna ndiwachepetse mimba. Mphunzitsi wina wopuma pa ntchito anandiuza kuti ndimubwezere tsitsi la mu nthawi yake, ndipo nditamubwezera anadandaula kuti lake linali lambiri kuposa pamenepo. Zithunzi za pasipoti zokha ndi zimene sitinkazikhudza, ndipo eni ake ankazilandira ngati samani ya kukhoti. Ntchitoyi ndinkaidziwa bwino. Munthu amene wakula akuyang'anitsitsa nkhope imodzi amadziwa pamene pali cholakwika pa nkhope iliyonse, ngakhale pamene mwini wake sanapaone.

Pakhoma, pamwamba pa makina osindikizira, ndinapachika chithunzi chimodzi chimene sindinachikonze. Chinali cha amayi aang'ono ali ndi zaka ngati makumi awiri, chojambulidwa ndi wojambula wapanjinga tsiku limene kwaya yawo inapita kukaimba cha ku Luwawa. Anali akuseka, mutu utapendekera kumbuyo, mpata wonse uli poyera. Anachisiya m'nyumba popita ku Joni, ine n'kuchitenga n'kuchiika mu felemu. Sabata yoyamba, mayi wina wodikirira zithunzi zake anandifunsa kuti ameneyo ndani. Ndinati ndi mayi anga. Anafunsa kuti ali kuti, ndinati anatisiya kale. Anati pepani, ndipo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali n'kunena kuti ndinatengera maso.

Sindinakonzekere kunama. Koma palibe amene anali atandiuzapo kuti ndinatengera kanthu kwa mayi anga akuloza ndi chala, ndipo zinandikomera. Kuyambira pamenepo ndinkayankha chimodzimodzi kwa aliyense. Chaka china mayi wogulitsa maluwa a pulasitiki mumsika anasomeka limodzi lofiira pakona pa felemu, akuti malemu azisangalala. Ndinalisiya pomwepo.

Amayi aang'ono anabwera mu Disembala, mvula itayamba. Ndinali kumudzi tsiku limenelo. Galimoto ya hayala inawatenga pa Jenda, itasenza filiji pamwamba ngakhale magetsi kwathu anali asanafike. Anatuluka akumwetulira kumwetulira kochita kukonzekera, kooneka kuti anakuyamba ali pa boda. Mpata kunalibe. Mano anali oyera mbee, ofanana msinkhu onse, othithikana ngati ana a sukulu pamzere. Pamene panali kanjerewere panatsala kachipsera kotuwa. Nkhope inali itawala, koma makutu ndi mfundo za zala zinali zitakana kusamuka, zinatsala za ku Manyamula.

Tsiku lomwelo anafotokoza kanayi mmene zinayendera, gulu lililonse la odzalonjera linamva. Dokotala wa mano anayamba wadula kamnofu kamene kanali pakati pa mano awiriwo, kenako anawamanga ndi mawaya chaka chimodzi ndi theka, pomaliza n'kumata zoyera pamwamba. Dokotala wina anadula kanjerewere n'kusoka ndi ulusi wopyapyala ngati tsitsi. Za mafuta opaka amayi aang'ono sanatchule, anati kuwalako ndi mphepo ya kumeneko. Amayi a m'mudzi ankaomba m'manja n'kumati mwatowa chomene, mwatowa chomene, kutanthauza kuti akongola kwambiri. M'mawa mwake pamjigo amayi omwewo ankati manowo ndi matailosi a m'bafa la ku hotela, ndipo wina ankafunsa ngati usiku amawavula.

Agogo analandira bulangete lalikulu la chithunzi cha nyalugwe, ndipo kuchokera pamenepo anagwirizana ndi chilichonse. Anati mpata uja unkangolowetsa mphepo. Anangoyesa kamodzi kokha: anadula nzimbe n'kupatsa mwana wawo. Amayi aang'ono anakana, akuti dokotala analetsa zolimba, nzimbe, chimanga chokazinga, ngakhale mango aawisi. Agogo, amene anali atatsala ndi mano anayi okha, anamaliza nzimbeyo okha pamaso pa anthu.

Ine ndinagwada n'kupereka moni. Anandigwira paphewa, anati ndakula, kenako anandituma kuti ndikatenge katoni ya sopo m'galimoto. Ndinatchera khutu pa liwu limenelo. Linatuluka loyera, ngati la munthu wina aliyense. Ndinapita kukatenga sopoyo.

Ndinkayesa kuti munthu amene wagula nkhope imene amaifuna amapuma. Amayi aang'ono sanapume. Kagalasi kankakhala m'dzanja ngati foni, ndipo foni nayo inali galasi. Ankadya atatembenukira kukhoma, akamaliza n'kuthamangira kuseri kukafufuza m'mano. Kale ankaseka mpaka kugwa pampando. Tsopano ankaseka ndi milomo yokha, mosamala, ngati wanyamula mazira mkamwa. Kachipsera kaja ankakapaka ufa katatu pa tsiku n'kumafunsa aliyense ngati kakuoneka. Ukati sikakuoneka, ankati ukunama. Ukati kakuoneka pang'ono, sankakuyankhula mpaka madzulo. Ndipo popeza mano ndi kanjerewere zinali zitachoka panjira, maso awo anagwera pa mphuno. Inali mphuno yomwe ija imene inawatumikira zaka makumi anayi popanda mlandu, koma tsopano akuti inali yotambalala kwambiri moti sikugwirizana ndi manowo.

Lamulungu loyamba kutchalitchi, mkulu wa mpingo wina wokalamba anawapatsa moni wa mlendo n'kufunsa kuti achokera mpingo uti. Amayi aang'ono anakwiya njira yonse yobwerera: munthu amene anawaphunzitsa katekisimu angawaiwale bwanji? Lamulungu lachiwiri, mayi wina wa mudzi woyandikana anawazindikira ali patali, n'kufuula kuti sanasinthe ngakhale pang'ono. Pamenepo ndiye sanadye n'komwe.

Sabata yachitatu anayamba kuyendera abale. Ankanyamula chitenje kapena paketi ya shuga, kukhala pang'ono, kenako n'kupempha kuona zithunzi zakale. Anthu ankatulutsa ma alubamu mokondwa. Akapeza chawo ankachisolola, akuti akachikonzetse kwa mwana wawo pa boma. Pa zithunzi za gulu, za ukwati kapena za amayi a umanyano kutchalitchi, mwini wake akakaniza, ankatulutsa lezala m'kachikwama n'kudula kamutu kawo kokha. M'nyumba zingapo za kwathu mpaka lero muli zithunzi za mkwati ndi mkwatibwi ataima ndi mperekezi wopanda mutu.

Zokonzetsa zija ankatumiza kwa ine kudzera mwa mnyamata wa kabaza, ndi uthenga wakuti nditseke mpata, ndichotse kanjerewere, ndiwalitse khungu, ndisindikize zatsopano, zakalezo ndibweze. Ndinachita. Ndisabise, ndinachita bwino kwambiri. Ndinkakulitsa nkhope pa kompyuta, kukoka dzino ili kuti likumane ndi linzake, kufufuta kadontho, monga ndinkachitira ndi nkhope za anthu ena onse. Nkhopezo zinali zazing'ono ngati nyemba, zosaoneka bwino, ndipo ndinkadziuza kuti zilibe kanthu chifukwa chenicheni chili pakhoma pamwamba panga. Ndikamaliza, zakale za mu kompyuta ndinkafufuta monga anandilamula. Ndinali ndikadali womvera.

Cha pakhoma chija sindinachikopere mu kompyuta ngakhale kamodzi. Ine amene ndinkasindikiza nkhope za anthu tsiku ndi tsiku, ndinali ngati mmisiri wa mipando wokhala pa njerwa. Ndinkaganiza kuti chopachikidwa pa msomali sichiyenda. Sindinaganizenso zochitsitsa, chifukwa amayi aang'ono ankati pa boma pali fumbi lowononga khungu, sangabwereko.

Anabwera Lachinayi masana, atavala magalasi akuda ndi chisoti chachikulu. Mu shopu munali bambo wina amene ndinkamujambula kawirikawiri, akudikirira zithunzi za pasipoti. Ndinati awa ndi amayi anga aang'ono ochokera ku Joni. Bamboyo anapereka moni mwaulemu, kenako pofuna kucheza analoza pakhoma n'kunena kuti ndiye kuti malemu awa anali akulu awo. Anaonjezera kuti sakufanana n'komwe, koma kuti malemuwo anali ndi kumwetulira kwabwino, anthu otere sakhalitsa pa dziko.

Amayi aang'ono anavula magalasi. Anayang'ana chithunzicho, anayang'ana duwa la pulasitiki limene linali litatuwa ndi fumbi, kenako anayang'ana ine. Bamboyo anazindikira kuti waponda pamene sanayenere, anatenga zithunzi zake zisanaume bwino n'kutuluka.

“Wandiika m'manda liti?” anafunsa.

Ndinati sizinali choncho. Ndinati ndinalibe china.

“Zaka zingati ndili wakufa pakhoma pako?”

Ndinati zisanu.

Anakhala pa kampando kojambulira, kumbuyo kwawo kuli nsalu ya chithunzi cha nyumba yosanja imene tinkajambulirapo anthu ofuna kuoneka ngati ali ku tauni. Sanakweze mawu. Anati chimwalirire mkulu wawo, palibe munthu anawayang'anapo n'kuona iwo. Amayi awo ankaona mwana amene anataya, mwamuna ankaona mkazi amene anamuphonya, amayi a pamaliro ankapeza polirira paulere. Anati ku Joni tsiku limene anachotsa mawaya, anadziyang'ana pagalasi n'kuona munthu amene sanafanane ndi aliyense, ndipo anagona tulo.

“Ndiye iwe,” anatero, “iwe unali woipitsitsa. Enawo ankalira n'kupita kwawo. Iwe unkakhala pakhonde.”

Ndinafuna kufunsa kuti ngati anagona tulo, n'chifukwa chiyani kagalasi sikachoka m'dzanja. Funsolo linali lokonzeka pakamwa, lakuthwa bwino. Koma ndinali nditatseka mpata umenewo ndi dzanja langa pa zithunzi khumi ndi ziwiri, ndipo munthu wotere alibe poyambira kulalikira. Ndinangoti, “Amama, chimenecho chokha mundisiyire.”

“Ndi nkhope ya ndani?”

“Yanu.”

“Mbwenu, basi.”

Anakwera pa kampando komweko, nsapato zazitali zili kuphazi, n'kuchitsitsa okha. Felemu ndi duwa anandisiyira patebulo. Chithunzi anachiika m'kachikwama momwe munkakhala lezala.

Masabata awiri otsatira ndinagwira ntchito pansi pa msomali wopanda kanthu. Makasitomala ankafunsa kuti mayi apita kuti, ndipo ndinkati akukonzedwa felemu. Ndinayesa kukumbukira nkhopeyo nditatsinzina, koma zinkabwera ndi zidutswa: mpata payekha, kanjerewere pakokha, kenako mano a matailosi ankalowerera n'kuphimba zonse. Loweruka ndinapalasa njinga kupita kumudzi kukadandaula kwa agogo. Ndinawapeza atadzikulunga mu nyalugwe wawo dzuwa likuswa mtengo. Anamvetsera, anafwenkha fodya, kenako anati mayi anga sankafanana kwenikweni ndi mng'ono wawo, anali ataliatali ndiponso okongola kuposa. Ndinafunsa kuti nanga bwanji ankandiuza kuti ndiziyang'ana. Anati ndinkalira kwambiri ndili mwana, ndiye ankafuna nditonthole. Patapita kanthawi anatinso ayi, ankafanana ndithu, ngati mazira a nkhuku imodzi. Kenako anandituma ndikawatengere madzi. Kuseri kwa khitchini ndinaona phulusa la mapepala, ndipo ndinalitakasa ndi kamtengo ngati wamisala. Munali timakona ta zithunzi, koma sindinathe kudziwa kuti ndi ziti.

Basi ya ku Joni inkanyamuka pa boma Lachiwiri masana. Sindinapite kukaperekeza. Ndinali kudula zithunzi za ana a sukulu pamene amayi aang'ono analowa, chikwama chili paphewa, n'kukhala pa kampando kaja osapereka moni. Anati ndiwajambule chimodzi choti agogo azisunga.

Ndinawajambula. Anamwetulira mwa dongosolo lawo lija, chibwano chotsitsa pang'ono, mbali ya kachipsera yobisa. Anabwera kudzaima kumbuyo kwanga kuti aone pa kompyuta, ndipo ndinamva fungo la mafuta awo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza ndi chikhadabo n'kunena kuti ndichepetseko mphuno, mbali zonse ziwiri, pang'ono chabe, aone mmene zingakhalire, chifukwa kuli dokotala wina amene mnzawo anawauza.

Ndinachepetsa pang'ono. Anati ndionjezere. Ndinaonjezera. Anati ayi, tsopano maso akuoneka otalikirana. Ndinabwezera mmene inalili, osawauza, ndipo anati eya, pamenepo ndiye pabwino, akamuuza dokotalayo achite choncho. Ndinasindikiza ziwiri, china cha agogo, china chawo chokaonetsa dokotala. Sindinaseke. Ndimadzitamabe nazo mpaka lero.

Kunja kondakitala anali atayamba kuitana. Anaika zithunzi zatsopanozo m'kachikwama, anafufuzamo kanthawi, n'kutulutsa china. Chinali chija cha ku Luwawa. Lezala inali itayamba kudula kuchokera m'mphepete, kudutsa paphewa mpaka pakhosi, n'kuima pomwepo. Kumtunda kwake mtsikanayo anali akusekabe, mpata uli poyera.

“Tenga mayi akowo,” anatero. “Ine nkhope imeneyo sindikuigwiritsanso ntchito. Koma duwa lija usaikepo, ndi lonyansa.”

Anachiika m'dzanja langa, anavala magalasi awo akuda, n'kutuluka kulowera ku depoti.